Mabotolo Asanu, Olumidwa Awiri

Lusiya, Tomasi ndi iwe Marita, ana anga, kuyambira pamene ndinapuma pa ntchito mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe mbiri yanga. Ndakhala ndikuzengereza, ndipo si ulesi wokha. Ntchito ya chipatala imatopetsa poigwira, ndipo ndaona kuti imatopetsanso poikumbukira. Za ubwana wanga ndizisiya, ndinaweta ng'ombe ngati mwana wina aliyense wa kuno ku Tsangano ndipo palibe chachilendo chinandichitikira. Mutu uno ndi wa amalume anu, a Bonifasiyo. Munauzidwa kuti anamwalira ndi malungo a m'mutu. Si zoona, ndipo bodza limenelo ndinaliyambitsa ndine.

Ntengo-Wambalame, nkhondo itangotha

Ndinalowa ntchito ngati serevente, wosesa ndi kutunga madzi, pa kaposto, kachipatala ka zipinda ziwiri, m'dera la Ntengo-Wambalame. Anthu anali akubwerera kuchokera ku Malawi komwe anathawira nkhondo, minda inali thengo lokhalokha, ndipo agalu opanda eni ankangoyendayenda m'mabwinja. Mkulu wanga anali a Kandido, enferimeru, namwino wokalamba, wamfupi, woopsa pakamwa. Moni wawo wa m'mawa unali funso lakuti, “Mgolo wadzaza?” Sindikumbukira tsiku limene anandiyamikirapo, koma zimene ndinadyera zaka zonsezi ndinaziphunzira kwa iwo.

Mwezi wanga wachiwiri kunabwera bambo wina akutsimphina, mwendo ataumanga ndi kansanza. A Kandido atamasula, balalo linali lakuda bii.

“Ichi n'chiyani?” anafunsa a Kandido.

“Ubweya wa galu yemwe wandilumayo, adotolo. Tamupha, ndiye taotcha ubweya wake n'kupaka.”

Ine sindinaone chodabwitsa. Kwathu konse timatero: galu akaluma munthu aphedwe, ubweya wake uotchedwe, phulusa lipakidwe pabala kuti ululu ubwerere komwe wachokera. A Kandido anavula wotchi yawo n'kuiika pa tebulo.

“Jeremiya, madzi ndi sabawu. Kinze minutu. Ukalekeza pa katoze, itatsala mphindi imodzi, mawa usabwere.”

Mphindi khumi ndi zisanu n'zochepa ukamazitchula, koma yesani kuthira madzi ndi kupaka sopo pabala la munthu amene akukutukwanani. Ndowa zinatha zitatu. Bambo uja atapita, a Kandido anandikhazika pansi n'kundiuza zinthu zimene sindinamvepo. Anati chiwewe chimakhala m'malovu a galu, ndipo sopo ndi madzi ambiri zimachotsa gawo lalikulu la malovuwo asanalowe m'kati. Anati bala lotero salimanga zolimba ndipo salisoka msanga. Anati galu akamaoneka wabwino asaphedwe koma amangidwe, adyetsedwe, aonedwe masiku khumi, wolumidwayo atayamba kale katemera. “Ukapha galu wapha mboni,” anatero. “Ndipo umve bwino iwe. Munthu akayamba kuopa madzi, usasake mankhwala. Kulibe. Ngakhale ku Maputo kulibe.”

Zaka khumi zotsatira

A Kandido omwewo ndi amene analemba kalata yoti ndikachite kurusu, maphunziro a unamwino. Nditamaliza anandiyendetsa m'maposto atatu, ndipo onse anali ofanana: denga lodontha, mzere wa amayi pakhonde, ndi jeleira, firiji ija yoyendera parafini, imene ndinkaisamala kuposa mmene ndinkasamalira thupi langa. Parafini akatha katemera amaonongeka, ndipo amene amafunsidwa si amene sanatumize parafiniyo koma iwe. Mashefi, akuluakulu otiyang'anira, ndinaona amitundumitundu. Wina ankabwera kamodzi pa chaka, n'kuyeza fumbi pa windo ndi chala, n'kubwerera ndi thumba la kachewere m'galimoto. Wina anali munthu wabwino koma chilichonse ukapempha yankho lake linali “pasiyensiya,” kutanthauza kuti pirira, ndipo ndinapirira mpaka mawuwo anandikola.

Katemera wa chiwewe ndiye anali wosowa kuposa onse. Nthawi imeneyo munthu mmodzi ankabayidwa kasanu pa mwezi umodzi, botolo limodzi ulendo uliwonse. Ukapempha lero, umatha kudikira miyezi itatu. M'zaka zimenezi ndi momwe ndinakwatira mayi anu, Rozalina, ndipo inu awiri oyamba munabadwa.

Makanga, chaka chachitatu ndili kumeneko

Atandisamutsira ku posto ina ya m'dera la Chidzolomondo, m'boma la Makanga, mayi anu anasangalala chifukwa kwawo kunali mtunda wa ola limodzi pa njinga. Ine ndinasangalala pang'ono. Kugwira ntchito pafupi ndi kuchikamwini n'kovuta. Paposto umakhala adotolo, koma ukangolowa m'mudzi umakhala mkamwini, woyankhula motsitsa mawu, wokhala pa mpando umene akulozera.

A Bonifasiyo anali mkulu wa mayi anu, mwini mbumba. Ndiwo anandilandira pa chinkhoswe, ndiwo anakutchani mayina. Anali munthu wamtali, wanthabwala, wolima fodya wosatopa, ndipo ankandiseka kuti manja anga ndi ofewa ngati a wansembe. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawaopa monga mmene munthu amaopera alamu ake aakulu. Anali ndi galu wawo, Liyawu, amene ankawatsatira kumunda, kumsika, mpaka pakhomo la tchalitchi.

Unali mwezi wa Abirili, nthawi yosankha fodya. Tsiku lina dzuwa litapendeka ndinamva ngolo ikubwera mothamanga, ng'ombe zikutuluka thovu. Woyendetsa anali a Bonifasiyo. M'ngolomo munagona mayi wina dzina lake Filomena, wa m'mudzi womwewo, amene ankawathandiza kusankha fodya. Nkhope yake inali yofundidwa ndi chitenje, ndipo mayi wina anamunyamulira khanda lake.

Nkhani inali yotere. Masabata angapo m'mbuyomo Liyawu analimbana ndi nkhandwe kumunda. Masiku awiri apitawo anasiya kudya, ankabisala pansi pa nkhokwe, dovu lili chuchuchu. Tsiku limenelo analowa m'chigafa, Filomena atakhala pansi akusankha masamba, n'kumulumphira kumaso. A Bonifasiyo anamukoka miyendo, galuyo n'kutembenuka kuwaluma pa katumba. Amuna anapha galuyo ndi mipini.

Nditavundukula chitenje ndinapeza tsaya litang'ambika mpaka pafupi ndi khutu, phulusa la ubweya atalipaka kale. Ndinatsuka mphindi zonse khumi ndi zisanu, iye akulira, khanda likulira, amayi akundiuza kuti ndikuchotsa mankhwala. Kenako ndinatsuka la alamu anga. Mano awiri anaboola buluku n'kulowa m'mnofu. Linali bala laling'ono poliona, koma linali bala la galu wachiwewe, ndipo zimenezo ndinkazidziwa bwinobwino.

Ndinalowa m'kachipinda n'kutsegula jeleira, ngakhale ndinkadziwa kale zimene zinalimo. Mabotolo asanu. Katemera wa munthu mmodzi.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali chitseko cha jeleira chili chotsegula, chinthu chimene ndinkakalipira ena akachita. Bala la kumaso ndi loopsa kwambiri chifukwa chiwewe chimathamangira ku ubongo, ndipo kuchokera patsaya ulendo wake ndi waufupi. Filomena analibe njinga, mwamuna wake anali ku migodi, ndipo ankayamwitsa. A Bonifasiyo anali ndi njinga, anali ndi mphamvu, ndipo chipatala chachikulu cha kuboma akanafikako tsiku limodzi. Ndinaganizako zowabaya onse awiri jakisoni woyamba kenako n'kuthamangira ena, koma ndinaopa. Ndinati, nanga ena akapanda kubwera miyezi itatu, si ndiye kuti ndawapatsa onse theka n'kuwataya onse? Lero ndikudziwa kuti ndikanayenera kuwayambitsa onse awiri tsiku lomwelo, n'kukagona pakhomo la depozito, nyumba yosungira mankhwala, mpaka atandipatsa otsalawo. Tsiku limenelo sindinaganize choncho. Ndinamubaya Filomena.

Kusankhako sindikudandaula kwenikweni. Chimene chimandidya ndi zimene ndinayankhula nditatuluka panja. A Bonifasiyo anakhala pa benchi buluku atalipinda, akudikira jakisoni wawo, ndipo pakhondepo panali anthu a kumudzi kwawo osachepera khumi. Munthu wina aliyense ndikanamuuza mosabisa kuti, “Bambo, mukapanda kubayidwa mawa, mudzafa.” Ndinauzapo anthu ambiri choncho. Koma awa anali alamu anga, pamaso pa mbumba yawo, ndipo ine ndinali nditangopereka mankhwala kwa munthu wina. Ndinagwira manja kumbuyo ngati mkamwini.

“Alamu, vasina yomwe inalipo ndi ya munthu mmodzi. Ndapereka kwa mayiwa poti lawo ndi la kumaso.”

“Mwachita bwino,” anatero mosazengereza. “Galu ndi wanga. Nanga ine?”

“Lanu ndi laling'ono, ndipo tatsuka bwino. Ndikulemberani giya, kalata yokaonetsa kuchipatala, mukapeza mpata mukabayitse kuboma.”

“Alamu, fodya ali m'chigafa. Ndikachoka masiku awiri aonongeka. Kodi n'zofulumira?”

Apa ndi pomwe ndikanakuwa. M'malo mwake ndinati, “Musachedwe kwambiri.”

Anaseka, n'kupinda kalata ija kanayi, n'kuiika m'thumba la malaya. “Manja ofewa awa, koma lero mwandikhula ngati poto,” anatero pokwera ngolo.

M'mawa mwake ndinanyamuka ndi birigada yokabaya ana katemera wa chikuku m'midzi yakutali, ulendo wa masiku asanu umene unakonzedwa kale. Ndinasiya jakisoni wachiwiri wa Filomena m'manja mwa mzamba wa paposto. Nditabwerako ndinafunsa mayi anu ngati achimwene awo anapita kuboma. Anati sanapite, koma bala lauma. Lamulungu ndinapalasa njinga mpaka kumudzi. Ndinawapeza akumanga mabelo, akuyenda bwinobwino, ndipo anandionetsa chipsera. Ndinawakumbutsa za kalata ija, mwaulemu kachiwiri. Anati akangogulitsa fodya apita. Ndinadya nkhuku yawo n'kubwerera.

Masabata asanu ndi awiri pambuyo pake

Filomena anamaliza majakisoni ake onse asanu, tsaya linapola, ndipo ine ndinayamba kuiwala. Ntchito inali yambiri, ndinali ndekha ndi mzamba, ndipo munthu ukatopa umakhulupirira chilichonse chimene chingakupumitse. Ndinadziuza kuti mwina buluku lija linapukuta malovu.

Kumayambiriro kwa Junyu akazi a Bonifasiyo anatumiza uthenga kuti abambo akudwala mutu ndipo mwendo uja ukuyabwa. Nditangomva za kuyabwako ndinanyamuka, podziwa kuti chiwewe chimayamba choncho. Ndinawapeza atakhala pa mphasa kuseri kwa nyumba, maso ali psuu, thukuta lili kamukamu ngakhale kunali kozizira. Ndinapempha madzi m'chikho n'kuwapatsa. Anatambasula dzanja, ludzu likuoneka pankhope, koma chikho chitayandikira pakamwa khosi linakokeka, thupi lonse linanjenjemera, madzi n'kutayika. Anayesa kachiwiri. Kachitatu anachikankhira kutali.

Ndinaitanitsa ngolo kuti tipite nawo kuposto, osati kukawachiritsa koma kuti ndiwabaye mankhwala ogonetsa. Anakhala masiku anayi. Nthenda imeneyi nkhanza yake ndi yakuti munthu samataya nzeru nthawi zonse. Amalusa, amakuwa, amaopa ngakhale kamphepo kolowera pa windo, kenako amadekha n'kukudziwa bwinobwino. Tsiku lachitatu masana anadekha, n'kundiyang'ana.

“Alamu, ndi galu uja?”

“Ndi yemweyo.”

“Mankhwala alipo?”

“Palibe, alamu.”

Kenako anati, mopanda mkwiyo, ngati munthu wofuna kungomvetsa, “Koma munati langa ndi laling'ono.”

Kufikira lero ndilibe yankho.

Pa pepala la boma ndinalemba zoona. Kumudzi ndinanena kuti malungo anakwera m'mutu. Ndinkati ndikuteteza maliro, chifukwa anthu akamva za chiwewe amathawa ndipo mtembo umasowa ousambitsa. Komanso ndinkadziteteza ndekha, kuti asadzati mkamwini anamana mankhwala mwini mbumba. Akuluakulu ankadziwa, poti galuyo anamuona ndi maso awo, koma palibe ananditsutsa. Inu munali aang'ono, ndipo chaka chotsatira ndinapempha kuti andibwezere ku Tsangano.

Chichokereni kumandako mayi anu sanatchulenso dzina la achimwene awo ine ndilipo. Sanandikalipire, sanandimane chakudya, sanapite kwawo. Ankangoti nkhani ikayandikira kumeneko, amadzuka n'kukapeza chochita panja. Ine ndinamva kuti akundisungira mlandu, ndipo ndinavomera kuti ndi woyenera. Takhala choncho zaka pafupifupi makumi awiri.

Tsangano, chaka chino

Zaka zotsala za ntchito yanga ndinakhala munthu wovuta. Wolumidwa ndi galu akabwera, kaya ndi mphunzitsi, kaya ndi mkulu wa mpingo, ndinkamuuza mawu akuti imfa poyera, ndipo ena ankakandinenera kwa shefi kuti ndilibe ulemu. Nanunso ndikuuzani chimodzimodzi, makamaka iwe Tomasi amene ukuweta agalu atatu ndipo ukundiyankha kuti ngofatsa ndikakufunsa za katemera wawo. Galu akaluma mwana wako, ngakhale kungomukanda, ngakhale ali galu wa pakhomo, usayambe ndi kuthamangitsa galuyo kapena kufunsa mwini wake. Yamba ndi madzi ndi sopo, uyang'ane nthawi pa telefoni yakoyo mpaka mphindi khumi ndi zisanu zikwane. Usapake phulusa, mchere, kapena mafuta a galimoto monga ndaonera ena akuchita. Tsiku lomwelo mupite kuchipatala, ndipo akakuuzani kuti katemera watha, funsani komwe ali mupite komweko. Majakisoni amalizidwe onse ngakhale bala litauma. Kachewere wanu akaola kumunda, aole.

Masiku ano zinthu zasinthako. Jeleira zambiri zikuyendera dzuwa, njinga zamoto zili paliponse, ndipo achinyamata amene anatilowa m'malo amadziwa kugawa botolo limodzi kwa anthu angapo. Ndimasangalala nazo, koma chisangalalo chake ndi cha munthu wofika basi itanyamuka. Mawondo anga atha, kuzizira kwa kuno kumandilowa m'mafupa, ndipo masamba awa andilemetsa kuposa ndowa za a Kandido.

Dzulo masana ndinaona kuti si bwino kukupatsani zimenezi mayi anu asanazimve. Ndinawapeza pakhonde akusola nyemba, ndinakhala pambali pawo n'kuwawerengera kuyambira pachiyambi. Ndinkayembekeza kuti adzuka monga mwa masiku onse. Sanadzuke. Nditafika pa mawu a achimwene awo a tsiku lachitatu lija, manja awo anaima m'lichero.

“Mwalemba zonse, bambo a Lusiya?”

“Zonse zimene ndikudziwa.”

“Ndiye pali zimene simudziwa. Inu muli ku birigada kuja, achimwene anabwera kunyumba. Anavala malaya awo a kutchalitchi, kamba atamanga pa njinga, giya ili m'thumba. Anali pa ulendo wa kuboma. Anangopatukira kuti amwe madzi.”

Ndinawayang'ana. Iwo ankayang'ana nyemba.

“Anandifunsa kuti, ‘Iwe Roza, mwamuna wako umamudziwa ndiwe. Kodi ulendowu ndi wofunikadi, kapena akungotsata malamulo a ntchito?’ Ine ndinati, ‘Achimwene, akanakhala kuti waona choopsa, sakanakusiyani osakubayani. Ameneyo sangakuchiteni zimenezo. Bwererani mukasamale fodya.’ Ndinawaperekeza mpaka pa mphambano, ndipo anakhotera kumudzi ine ndikuona.”

“Bwanji simunandiuze zaka zonsezi?”

“Inu bwanji simunandifunse? Ndinkayesa mukudziwa, n'chifukwa chake simuwatchula.”

Nkhuku zinayamba kutola nyemba m'lichero, palibe anazithamangitsa. Kenako mayi anu anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje n'kuloza kope langa.

“Lembani ndithu, ana adziwe. Lembani kuti ndinawabweza ndine, ndipo ndinawabweza chifukwa ndinkakukhulupirirani.”

Ndalemba monga ananenera.